Kodi Wolamula Timamumvera Chifukwa Chiyani? Hobbes ndi Locke pa Bwalo la ku Chadiza

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, mafumu a Achewa a m'boma la Chadiza, monga a Mlolo, a Mwangala ndi a Zingalume, amanyamuka pamodzi ndi nduna zawo kupita ku Mkaika m'boma la Katete kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko amakumana ndi mafumu anzawo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, napereka mitulo ndi kufotokoza m'mene anthu awo akukhalira. Akuluakulu amatiuza kuti maina atatu a mfumu yaikuluyi ali ndi matanthauzo ake: Kalonga ndiye wolonga mafumu, Gawa ndiye wogawa malo, ndipo Undi ndiye wofungatira anthu monga nkhuku ifungatira anapiye ake.

Awerengi okondedwa, m'maina amenewa mwabisala mafunso omwe anasowetsa tulo anthu oganiza mozama a ku Ulaya zaka zoposa 300 zapitazo. Kodi mphamvu za wolamula zimachokera kuti? Kodi nthaka ndi ya yani? Nanga munthu akakuteteza, ndiye kuti wagula ndi mtima wako womwe? Awiri mwa anthu amene analimbana nawo mafunsowa ndi Thomas Hobbes ndi John Locke, onse a ku England. Sanamvepo za Chadiza, komatu zimene iwo ankalemba ndi inki, anthu a kuno anazikhalamo ndi matupi awo.

Mwana wa mantha

Hobbes anabadwa m'chaka cha 1588. Atakula anaona dziko lake likung'ambika pakati, mbali ina Mfumu Charles I, mbali ina nyumba ya malamulo, ndipo mkanganowo unasakanikirana ndi nkhani za chipembedzo. Iye anathawira ku Paris mu 1640, nkhondo yapachiweniweni isanabuke mu 1642. Ali komweko anamva kuti mfumu ija yadulidwa mutu pamaso pa khamu la anthu mu Januwale 1649. Pa nthawi yomweyo ku Germany nkhondo ya zaka 30, yomwe inayamba mu 1618 pakati pa Akatolika ndi Aprotestanti, inali itangotha kumene, itasiya midzi yambirimbiri ili bwinja.

Buku lake lotchuka, Leviathan, linatuluka mu 1651. Dzinali analitenga ku chilombo cha m'madzi chosagonjetseka chija timachiwerenga m'buku la Yobu. M'bukumo akutipempha kuti tiyerekeze dziko lopanda boma, lopanda mfumu, lopanda bwalo la milandu. Anthu, iye akutero, sasiyana mphamvu kwenikweni, pakuti ngakhale wofooka angathe kupha chiphona pochibisalira kapena pogwirizana ndi anzake. Tsono popeza aliyense amafuna zomwe mnzake akufunanso, aliyense amakayikira mnzake, ndipo aliyense amafuna kuopedwa, mapeto ake munthu aliyense amasanduka mdani wa mnzake. M'dziko lotere palibe amene angalime, poti sadziwa ngati adzakolola ndi iye.

Njira yotulukira m'mavutowa, malinga ndi Hobbes, ndi pangano. Anthu amagwirizana okhaokha kutula mphamvu zawo m'manja mwa wolamula mmodzi, kaya ndi mfumu kaya ndi bungwe, kuti iyeyo aziwateteza. Koma walira mvula walira matope. Wolamulayo salowa nawo m'panganolo, choncho anthu sangamuzenge mlandu woti waliswa. Mphamvu zake sizigawidwa. Ndiye amaweruza, ndiye amasankha ziphunzitso zoyenera kumveka poyera, ndipo ndiye amalamula m'mene anthu azipembedzera pagulu. Ngakhale akhale wouma mtima, kwa Hobbes kuuma mtimako n'kopepuka pokuyerekeza ndi chipwirikiti.

N'kwapafupi kumunyoza Hobbes munthu utakhuta nsima, chitseko chili chotseka bwino. Koma kafunseni achikulire a m'midzi ya m'malire mwa Chadiza. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo ku Mozambique, yomwe inayamba mu 1977, inafika poti m'madera ambiri a chigawo cha Tete munalibenso boma lodalirika. Anthu anathawa ndi katundu pamutu. Ena anawalandira achibale awo a mbali ino, pakuti malire omwe Angelezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula mabanja a Achewa pakati, ndipo ena anawasamutsira ku Ukwimi, kumpoto kwa Petauke. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zigawengazo zinayamba kudumpha malire n'kulowa m'midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, kulanda ng'ombe ndi chimanga, kupha, ndi kugwira anthu kuti asenze zolandidwazo. Mabanja ankagona kuthengo. Minda ya kufupi ndi malire inamera tchire, osati chifukwa cha ulesi ayi, koma chifukwa chomwe chija anatchula Hobbes. Munthu amene anagonapo m'munsi mwa chitsamba ndi mwana wakhanda, akumutseka pakamwa kuti asalire, safuna mphunzitsi womuuza ubwino wa msilikali wa boma. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992, pamene mbali ziwirizo zinasainira pangano ku Roma mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira.

Hobbes mwini anasiyako kampata kamodzi kokha: udindo womvera umatha pamene wolamula walephera kuteteza. Dzina lija la Undi, mwa njira ina, ndi ngongole.

Chipani chimodzi

Pa 13 Disembala 1972 dziko la Zambia linakhala la chipani chimodzi. Zifukwa zomwe a Kenneth Kaunda ndi UNIP anapereka zikanamukondweretsa Hobbes: zipani zambiri zikugawa anthu potsata mitundu, adani atizinga ku Rhodesia, ku Angola ndi ku Mozambique, tsono tiyeni tikhale pambuyo pa mtsogoleri mmodzi. Tisanene bodza, dziko lino silinalowe m'nkhondo yapachiweniweni monga ena mwa anansi athu, ndipo chimenecho si chinthu chaching'ono. Koma pa masankho a mtsogoleri wa dziko munthu ankangovotera Inde kapena Ayi, ndipo ambiri akukumbukirabe chithunzi cha chule chomwe chinkaimira Ayi. Lamulo lopatsa boma mphamvu zotsekera munthu popanda kumuzenga mlandu linakhalapo kuyambira 1964 mpaka 1991. Chuma chitalowa pansi, mtengo wa ufa utakwera mu Juni 1990, anthu a ku Lusaka anachita zipolowe ndipo ena anafa. Mwezi wotsatira Aepiskopi a Chikatolika analemba kalata ya ubusa yokamba za chuma, ndale ndi chilungamo, yodandaula kuti atsogoleri sakuyankhanso kwa anthu owalamulira.

Apa ndi pamene akulowera munthu wathu wachiwiri.

Ufumu ndi chosungitsa

John Locke anabadwa mu 1632, ndipo nayenso analawa moyo wothawa kwawo, pakuti mu 1683 anakabisala ku Holland poopa Mfumu Charles II. Anabwerera mu 1689, Mfumu James II itachotsedwa pampando, ndipo chaka chomwecho anatulutsa buku lake la nkhani ziwiri zokhudza boma, osalembapo dzina lake.

Locke sanavomere kuti anthu opanda boma ndi zilombo. Iye anati ngakhale boma lisanakhalepo, lamulo la chilengedwe lilipo kale, ndipo nzeru zimauza munthu aliyense kuti popeza tonse ndife ntchito ya manja a Mlengi mmodzi, palibe woyenera kuwononga moyo, ufulu kapena katundu wa mnzake. Chosowa n'choti palibe woweruza wosakondera, moti aliyense amadziweruzira mlandu wake. Anthu amakhazikitsa boma kuti litseke mpata umenewu basi. Mphamvu zake nzosungitsa, monga munthu asungitsa ng'ombe kwa mbale wake: wosungayo angamwe mkaka ndi kuthira ndowe m'munda mwake, koma akayamba kuzipha ndi kugulitsa nyama, mwini ali ndi ufulu wokatsegula khola. Boma likayamba kulanda zomwe linayenera kuteteza, anthu angathe kulichotsa. Kwa Locke kunali kupusa kuthawa tizilombo ting'onoting'ono n'kukadzipereka m'kamwa mwa mkango.

Ambiri sadziwa kuti mbali ina ya maganizowa anali atailemba kale ansembe. Francisco Suárez, Mjezuiti wa ku Spain, anaphunzitsa kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa Mulungu ndithu, koma zimafika kwa mfumu kudzera mwa anthu. Mfumu James I ya ku England, yomwe inkakhulupirira kuti inadzozedwa ndi Mulungu popanda mkhalapakati, inalamula kuti buku la Suárez la mu 1613 litenthedwe ku London. Pambuyo pa Locke anabwera Montesquieu wa ku France, amene mu 1748 analongosola kuti opanga malamulo, oyendetsa boma ndi oweruza azikhala anthu osiyana, kuti mphamvu ina iziletsa inzake. Jean-Jacques Rousseau mu 1762 anapitirira apo, nati ufumu weniweni umakhalabe m'manja mwa anthu onse pamodzi ndipo sungagulitsidwe.

Koma kodi makolo athu anafunikira kudikira mabuku amenewa? Ine ndikuona kuti ayi. Pa mwambo wa Achewa palibe munthu amadzilonga yekha ufumu. Mfumu ikamwalira, akuluakulu a banja lachifumu, makamaka amayi a mbumba, amakhala pansi n'kuyang'ana pakati pa abale ake ndi ana a alongo ake. Amatha kumulumpha wamkulu ngati ndi waukali kapena womana, n'kutenga wamng'ono wodziwa kukhala ndi anthu. Tsiku lomulonga amamulangiza poyera, ndipo malangizowo sakhala onyengerera. Mlandu sauweruza yekha, pamakhala nduna ndi bwalo lonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo kale, nthaka ikadali yambiri, nyakwawa yankhanza inkadzuka m'mawa n'kupeza mabanja asamuka kukamanga mudzi wina. Masankho a nthawi imeneyo anali a miyendo. Sindikunena kuti zonse zinali zokoma: kunali ukapolo, kunali mwavi, ndipo mafumu ena anagulitsa anthu kwa amalonda a minyanga. Koma ganizo loti ufumu uli ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi anthu, silinabwere pa sitima ya pamadzi.

Mu Disembala 1990 lamulo linasinthidwa kuti zipani zina ziloledwe. Atsogoleri a mipingo anakumanitsa a Kaunda ndi a Frederick Chiluba m'tchalitchi chachikulu cha Anglican ku Lusaka mu Julaye 1991, ndipo pa 31 Okutobala masankho anachitika. MMD inatenga mipando 125 mwa 150. Mwa mipando 25 yomwe UNIP inapeza, 19 inali ya chigawo chino cha Kum'mawa, Chadiza ali momwemo. Ena anatiseka kuti ndife anthu osafuna kusintha. Zifukwa zinali zambiri, koma ine ndimaganiza kuti anthu amene zigawenga zinali zikuwagonetsabe kuthengo anali ndi chifukwa chomveka choopera kugwedeza denga mvula ikugwa. Chachikulu n'chakuti a Kaunda anavomera kugonja natula pansi udindo mwamtendere. Hobbes ankakhulupirira kuti kuchotsa wolamula ndi kutsegulira chitseko nkhondo. Chaka chimenecho Zambia inamutsutsa.

Khadi ndi chikumbumtima

Pa nkhani ya chipembedzo ndi pamene awiriwa akusiyana kotheratu. Hobbes anati chikhulupiriro cha mumtima n'chako, palibe angachione, koma milomo ndi mawondo ndi za wolamula. Akakulamula kugwada, gwada, tchimolo likhala lake. Anapereka chitsanzo cha Namani wa ku Siriya uja, amene atachira khate anapempha mneneri Elisa kuti amukhululukire pomakagwada m'nyumba ya Rimoni poperekeza mbuye wake.

Locke analemba kalata yake yokamba za kulolerana pa chipembedzo ali ku Holland mu 1685, chaka chomwe Mfumu Louis XIV ya ku France, Mkatolika, inafafaniza lamulo loteteza Aprotestanti, ndipo anthu pafupifupi 200,000 anathawa dzikolo. Kalatayo inasindikizidwa mu 1689. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: boma linapatsidwa ntchito yosamala za moyo uno, osati yopulumutsa mizimu. Chikoti chingasinthe zonena za pakamwa koma sichingabale chikhulupiriro, ndipo kupembedza kokakamizidwa sikukondweretsa Mulungu. Ku Holland komweko Baruch Spinoza, Myuda amene anachotsedwa m'sunagoge mu 1656, anali atalemba kale mu 1670 kuti dziko loletsa anthu kunena zomwe akuganiza limadzaza ndi achiphamaso n'kulanga anthu oona mtima.

Mkangano umenewu unafika pakhomo pathu mu 1972. Ku Malawi, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaletsa Mboni za Yehova mu 1967. Mlandu wawo waukulu unali kukana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress Party. Khadilo linali la ndalama zochepa, ndipo Hobbes akanawalangiza kuti aligule, alipinde m'thumba, mtima ukhale wawo. Iwo anati chikumbumtima sichikuwalola. Anachotsedwa ntchito, nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anamenyedwa ndipo ena anaphedwa. Anthu pafupifupi 19,000 anathawira ku Sinda Misale, m'chigawo chathu chomwechi kufupi ndi malire, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi matenda. Chaka chisanathe anabwezedwa kwawo, komwe mazunzo anali kuwadikira. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Munthu angathe kutsutsana ndi ziphunzitso za Mboni kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, koma funso la ku Sinda Misale silinali la ziphunzitso. Linali loti, kodi boma lili ndi malire pa mtima wa munthu?

Akatolika asafulumire kumuombera m'manja Locke, pakuti kulolerana kwake kunali ndi mpanda. Osakhulupirira Mulungu anawasiya kunja, ati malumbiro awo ngosadalirika, ndiponso anasiya kunja anthu omvera mtsogoleri wa dziko lina, ndipo aliyense ankadziwa kuti akunena za omvera Papa. Nayonso Eklezia inatenga nthawi yaitali kuti ivomereze poyera ufulu wa chipembedzo kwa munthu aliyense. Inatero pa 7 Disembala 1965, pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chotchedwa Dignitatis Humanae. Zisanafike apo, m'zaka za m'ma 1920, amishoni a ku Mua ku Malawi anapemphapo boma la atsamunda kuti liletse nyau. Pa malo omwewo Bambo Claude Boucher anadzayambitsa Kungoni mu 1976, komwe zigoba za gule wamkulu zimasungidwa ndi kufotokozedwa mwaulemu.

N'chifukwa chake sizinali zodabwitsa kuti pamene a Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, Aepiskopi a Chikatolika sanavine nawo monga ena anayembekezera. Anadandaula kuti mipingo sinafunsidwe, ndipo pambuyo pake sanagwirizane nazo zoti mawuwo alowe m'malamulo oyendetsera dziko, ngakhale analowabe mu 1996. Mpingo womwe unalawapo mbali zonse ziwiri za chikoti uli ndi chifukwa chochenjerera pamene boma layamba kulankhula m'dzina la Mulungu.

Gawa

Latsala dzina lapakati lija, ndipo apa Locke ali ndi mlandu kwa ife. Iye anaphunzitsa kuti Mulungu anapereka dziko kwa anthu onse, koma munthu akathira thukuta lake pa nthaka, poswa mphanje ndi kulima, malowo amasanduka ake, malinga atasiyira ena okwanira. Mlimi aliyense wa ku Chadiza angavomere zimenezi. Vuto n'lakuti Locke ankaona nthaka yosalimidwa mwa njira ya ku England ngati yongotayika, ndipo atsamunda anagwiritsa ntchito ganizoli polanda malo a eni dziko ku America. Munthu yemweyu, wolemba zokoma za ufulu, anali ndi masheya m'kampani ya Royal African Company yomwe inkagulitsa akapolo a ku Africa.

Kuno kwathu, mu 1895, kampani ya North Charterland Exploration inapatsidwa dera la masikweya mailosi 10,000, potsamira mapepala omwe Mjeremani wina, Carl Wiese, ankati anapatsidwa ndi mafumu. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, panalibenso wotsutsa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 midzi yambiri ya Achewa, Angoni ndi Ansenga inasamutsidwira m'madera opatulidwa, kuti malo abwino adikire alimi achizungu. Alimiwo anabwera ochepa. M'madera opatulidwa anthu anathithikana, nthaka inaguga, pamene malo a kampani anamera thengo, nyama ndi kashembe n'kubwerera. Mwa muyeso wa Locke mwini, amene anataya nthaka anali kampaniyo. Boma la atsamunda linagula gawo lalikulu la malowo mu 1941, ndipo anthu anayamba kubwezeretsedwa pang'onopang'ono.

Atsamunda ankaganiza kuti tsala ndi malo opanda mwini. Sanamvetse kuti munda wogonekedwa ukudikira mdzukulu, kuti dambo ndi msipu wa mudzi wonse, ndi kuti mfumu yogawa malo siikhala mwini wake wogulitsa. Nkhaniyi sinathe. Lamulo la malo la 1995 limaika nthaka yonse ya Zambia m'manja mwa mtsogoleri wa dziko kuti aisunge m'malo mwa anthu, ndipo limalola kuti malo a mafumu asandutsidwe a pepala, la zaka zofika 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Lamulolo limanenanso kuti anthu okhudzidwa afunsidwe. Malo akangolowa pa pepala, bwalo la mfumu silikhalanso ndi mphamvu pa iwo. Wofuna pepalayo amadziwa njira ya ku likulu la mfumu, ya ku khonsolo ndi ya ku Lusaka. Mayi wamasiye amene wakhala akulima mtedza pamenepo kuyambira nthawi ya amayi ake, kawirikawiri amayamba kudziwa za nkhaniyi tsiku lomwe waona anthu achilendo akukhoma zikhomo m'mphepete mwa munda.